Uthenga wa Maliro Sunenedwa Madzulo

Achimwene anga a Gizachew sabwera kugolosale kwanga. Amati fungo la tsabola limakanirira m'jekete, ndipo munthu amene anagwirapo ntchito kubwalo la ndege sayenera kununkha ngati mphika. Ndiye nditawaona Lachitatu lija masana akuwoloka msewu wathu wa ku Shiromeda, chipewa palibe, envelopu ili m'manja, ndinadziwiratu kuti sanabwere kudzagula mchere.

"Wubalem, tseka," anatero.

"Nditseke dzuwa lili paliwombo? Mwagula golosale yonse kapena?"

Sanaseke, sanandikalipirenso, ndipo chimenecho ndiye chinandiopsa. Ndinatsitsa chitseko chamalata mpaka theka. Iwo, a jekete yosakhudza fumbi aja, anakhala pathumba la mphodza.

"Ndi Sosina," anatero.

Sosina ndi mwana wa achemwali anga a Etenesh, mwana mmodzi yekha amene anawatsalira. Woyamba, Nahom, anachoka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo kudzera njira ya ku Sudan ndi Libya, ndipo bwato limene anakwera silinafike kutsidya. Tinalira maliro opanda mtembo. Achemwali anakhala miyezi itatu osalankhula, ndipo kuyambira pamenepo ankamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi m'mawa ndi madzulo. Dokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti munthu uyu asadzadzidzimutsidwenso, chifukwa akadzagwa kachiwiri sadzadzuka. Tonse m'banjamo mawu amenewo tinkawadziwa.

Sosina yekha anatulukira pakhomo lakumaso. Anapeza malo pasukulu ya ukachenjede ku Poland kuti akaphunzire za mankhwala, ndipo ine ndi amene ndinkamuperekeza kukaima pamzere ku ofesi ya kazembe. Ulendo wina anatibweza chifukwa cha pepala limodzi. Wophunzira wochokera kunja sapatsidwa viza ngati alibe inshuwalansi ya zaumoyo, lamulo lawo n'lomwelo. Ndinatukwana njira yonse yobwerera. Mwana wosadwala n'chimfine chomwe, wokwera phiri la Entoto ngati mbuzi, akuti ayambe wagula chipatala asanakwere ndege. Tinagula ya miyezi yochepa konkuno, viza inatuluka, ndipo tsiku limene ndikunenali anali atatha milungu isanu kumeneko.

Achimwene anatulutsa pepala mu envelopu muja.

"Yabwera pa imelo yanga m'mawa uno. Ndakasindikiza kutali, ku Piassa, kuti ana akunowa asaione."

Ine Chingelezi changa chimathera pa mayina a sopo. Koma dzina ndinaliona, Sosina Tamrat, tsiku lake lobadwa, nambala ya pasipoti. Chala cha achimwene chinatsika mpaka pamzere wina n'kuima.

"Apa alemba kuti kubweza mtembo kwawo. Apa pambali alemba kuti zavomerezedwa."

"Mtembo wa ndani?"

"Wubalem, dzina lili pamwambapo waliona."

Ndinagwira sikelo kuti ndisagwe, mbale yake n'kugwera pansi, ndipo ndinangoiyang'ana ikuzungulira pasimenti mpaka inaima. Sindinalire. M'mutu mwanga munangobwera nsapato zachikasu zimene ndinamugulira zoti akavale kozizirako, zija ankati ndi za agogo.

"Mwina mwawerenga molakwa," ndinatero.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikudinda mapepala a katundu wotsika m'ndege. Mawu awa ndawaona atamatidwa pamabokosi a atsikana ochokera ku Beirut, ochokera ku Riyadh, osawerengeka. Salembedwa pa munthu wamoyo."

"Mwamuimbira?"

"Foni yake ndi yozima. Iwe sukudziwa kuti chiyambire Loweruka sanaimbe?"

Ndinkadziwa. Achemwali anali atadandaula kangapo kuti mwana uja azungu amuiwalitsa amayi ake. Ndinafunsa za nambala imene inali kumunsi kwa pepala, iwo n'kuti ayesa kanayi, akuyankha ndi makina m'chinenero cha komweko.

"Ndiye tikamuonetse Kalkidan, mphunzitsi wa Chingelezi uja. Awerenge pepala lonse, tsamba lachiwirinso."

"Kuti pofika madzulo chithunzi cha Sosina chikhale pa Facebook, kandulo pambali? Etenesh amve kwa wogulitsa makala? Ukufuna kuika maliro awiri?" Anapinda pepala lija. "Komanso ukuganiza kuti Chingelezi changa chatha liti?"

Ine ndine munthu wapakamwa. Ndakanganapo ndi apolisi, ndi ansembe, ndi achimwene omwewa tsiku la ukwati wawo. Koma tsiku limenelo ndinatseka pakamwa, chifukwa ananena zimene ndinkaopa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndikuona.

Kwathu uthenga wa maliro, umene timati meredo, suponyedwa ngati mwala. Sunenedwa pafoni, sunenedwa ndi munthu mmodzi, sunenedwa madzulo. Wofedwa amasiyidwa adye, agone tulo take tomaliza tabwino, ndipo mbandakucha akuluakulu amafika pakhomo pamodzi. Achimwene anati apita kwa a Zerihun, mkulu wa bungwe lathu la maliro, kukakonza zonse. Ntchito yanga inali yokakhala ndi achemwali, kuonetsetsa kuti adya, amwa mapiritsi, ndipo asamve kanthu.

"Nkhope yakoyo uikonze," anatero potuluka. "Ukalira pamaso pake wamupha ndiwe."

Ndinawapeza achemwali ali pakhonde akukazinga khofi, foni ili pambali pa mbaula monga mwa masiku onse aja, kuti ikalira asachedwe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Watseka msanga bwanji? Wagwa bizinesi?"

"Mutu ukundipweteka."

"Ndi mkwiyo umenewo. Munthu wokalipira makasitomala tsiku lonse mutu ungaleke kupweteka? Khala apo, sinja khofiyu, ukwiyire mtondo."

Ndinasinja. Ankandiuza za mnansi wathu amene anagula firiji yosalowa pakhomo, ine ndikuvomera ndi mutu, maso ali mumtondo. Nthawi ndi nthawi ankatembenuza foni ija kuona ngati yayaka. Ndinali ndisanadziwe kuti munthu ungade dzanja la m'bale wako chifukwa choti likugwira foni mwachikondi.

Dzuwa litapendeka ndinanama kuti ndaiwala kukhoma loko wa golosale. Ndinathamangira kwa a Zerihun, kumene anandiitana kuti ndikamve dongosolo. Ndinapeza akulu anayi ndi amayi atatu, pepala lija lili patebulo pafupi ndi mbale ya mbuliwuli imene panalibe woigwira. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene ankawerenga Chingelezi. Ankangoliyang'ana chapatali, achimwene akuwalozera mzere womwe uja.

Anakambirana za tenti, za mabenchi, za woimba lipenga wa bungwe kuti asalize mpaka akulu atalowa m'nyumba. Anakangana pang'ono za amene ayambe kulankhula. A Zerihun anati ndi iwo, poti ndi iwo amene ananenanso za Nahom ndipo akudziwa poyambira. Mayi wina anafunsa kuti mwanayo wafa ndi chiyani, achimwene n'kuti azungu salemba zimenezo papepala loyamba. Ndinakhalako pafupifupi ola limodzi.

Pobwerera ndinamva nyimbo ndisanatsegule geti. Achemwali ankaimba nyimbo ya kutchalitchi m'khitchini, mawu ali pamwamba, ndipo anali asanaimbe sabata yonseyo. Anali atatenthetsa shiro, ndiwo yathu ya ufa wa nyemba, ataika batala wambiri ngati tsiku la chikondwerero, injera, buledi wathu wopyapyala uja, atayala kale m'mbale yaikulu.

"Wabwera? Samba m'manja. Iwe, ukudziwa kuti Sosina..."

"Mapiritsi mwamwa?"

"Ndamwa. Ndimati Sosina..."

"Shiroyu akupserera."

Sankapserera. Ndinathamangira kumbaula n'kuima chowafulatira, ndikuvundula mphika wosafuna kuvundulidwa, chifukwa ndinkadziwa kuti dzina limenelo likatchulidwa kachitatu ndigwa pansi n'kuyamba kukuwa. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi.

Tinakhala pansi kudya. Anadya bwino kuposa masiku onse, mpaka anakulunga nthongo yaikulu n'kundidyetsa ndi dzanja lawo monga timachitira ndi munthu amene timamukonda. Ndinaimeza ngati mwala.

"Tsono undilole ndikuuze nkhani yoseketsa," anatero akupukuta zala. "Achimwene ako aja, ndi Chingelezi chawo chija, Sosina akuti..."

"Achemwali, chonde. Mutu wanga. Lero sindikufuna nkhani ya munthu aliyense."

Ndinalankhula mokalipa, ndipo anadabwa. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anangoseka.

"Iwe lero wadya tsabola wako yemwe. Chabwino, mfumukazi, ndikuuza mawa. Gona konkuno, usayende ndi mutu wotero."

Ndinathokoza Mulungu mumtima kuti andipulumutsa. Ndikunena zoona, ndinathokoza.

Kunja kusanayere bwino ndinamva mapazi kuseri kwa mpanda, ndi kutsokomola kwa a Zerihun. Ndinadzuka n'kutenga netela yanga, nsalu yoyera ija timafunda, n'kuitembenuza kuti mpendero wake wamitundu ukhale kumutu, monga timafundira pamaliro. Ndinkaganiza kuti achemwali akadali m'tulo. Koma anali atavala kale, akupita kumapemphero a m'mawa, ndipo anatsegula okha chitseko ine ndili kumbuyo kwawo.

Pabwalo panali anthu asanu ndi atatu. Amuna atafunda nsalu zawo zochindikala, amayi mipendero ili kumutu. Achimwene anaima kumapeto, maso ali pansi.

Achemwali anaima pakhomopo, dzanja lili pachitseko. Munthu amene anaonapo gulu lotere pakhomo pake safuna womumasulira.

"Ndani?" anafunsa.

"Amake Sosina, tiyeni tilowe, tikhale pansi," anatero a Zerihun.

"Sindikhala. Ndani? Ndi azakhali a ku Debre Markos?"

"Tilowe kaye, mayi."

"Bambo Zerihun, munandikhazikapo pansi kamodzi. Nenani ndili chilili."

A Zerihun anavula chipewa. Anayamba ndi mawu awo aja, akuti tonse ndife alendo padziko, akuti Mulungu amapereka ndipo amatenga. Kenako anati mwana wathu Sosina watisiya kudziko la eni, ndipo kalata yabwera.

Achemwali sanakuwe. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapatsidwa katundu wa wina.

"Ayi," anatero. "Ayi, mwalakwitsa. Ndalankhula naye dzulo madzulo."

Amayi aja anayamba kusisima. Mmodzi ananong'ona kuti mayi wosauka, mutu wayamba kale kusokonekera. Inenso ndinaganiza chimodzimodzi. Ofedwa onse amatero. Pa Nahom achemwali ananenanso kuti amulota ali bwinobwino.

"Limbani mtima, mayi," anatero a Zerihun.

"Ndikuti ndalankhula naye. Anali akutsokomola pang'ono chabe, akuti kwazizira. Chifuwa chingaphe munthu usiku umodzi?" Anakweza mawu. "Wubalem, tawauza anthuwa. Wubalem."

Anatembenuka kuti andione. Maso awo sanafike pankhope panga, anaima pa netela yanga, pampendero uja uli kumutu. Akulu akanatha kuwatsutsa mpaka dzuwa kutuluka. Koma ine ndinagona m'nyumba mwawo, ndinadya m'dzanja lawo, ndipo ndinali nditavala maliro a mwana wawo.

"Iwenso?" anatero.

Pakamwa pawo panapotokera mbali imodzi. Dzanja linachoka pachitseko, ndipo anagwa chagada ndisanawagwire. Nthawi yomweyo kunja kwa mpanda lipenga linalira, chifukwa woimbayo anamva amayi akukuwa n'kuganiza kuti nthawi yake yakwana.

Za m'galimoto sindikumbukira zambiri. Mnansi wa firiji uja ndi amene anatitenga, ine ndili kumbuyo mutu wa achemwali uli pamiyendo panga, achimwene kutsogolo akukalipira magalimoto ena kuti apatuke. Potuluka mumsewu wathu ndinaona anyamata a bungwe atayamba kale kuimika mapaipi a tenti. Achemwali ankapuma mokoka, diso limodzi lili lotsegula. Ndinkawauza kuti ali bwino, tafika, ngakhale tinali tisanafike n'pakati pomwe.

Kuchipatala anawalowetsa m'chipinda chimene ife sitinaloledwe. Tinakhala pabenchi m'khonde, ine ndi achimwene. Dzuwa linakwera, anthu ankadutsa ndi mafulasiki a tiyi. Itatsala pang'ono kukwana nthawi ya nkhomaliro dokotala wamkazi, wamng'ono ngati Sosina yemwe, anatuluka n'kufunsa abale a mayi Etenesh. Iye sanadikire mbandakucha. Anati mtsempha unaphulika m'mutu, ayesetsa, koma zakanika.

Achimwene anagwira khoma. Ine ndinangoti zikomo, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinaganiza kuti nyumba ya achemwali yatha yonse, mayi ndi ana ake awiri, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinatsanzikana naye.

Namwino anabwera ndi kathumba kapulasitiki. Munali mtanda wawo wa m'khosi, makiyi a nyumba, ndi foni imene anaipeza pachifuwa, m'kati mwa diresi. Ndinali ndisanamange n'kathumbako pamene foni ija inayamba kulira m'manja mwanga.

Nambala inali yachilendo, yaitali. Koma achemwali anali ataisunga kale ndi dzina, m'zilembo zathu, molakwitsalakwitsa monga ankalembera. Analemba kuti Sosina yatsopano.

Ndinawaonetsa achimwene. Anati mwina ndi akusukulu, kapena apolisi akumeneko, ndiwapatse ayankhe iwo poti ndi a Chingelezi. Sindinawapatse. Ndinadina, n'kuika mawu pokweza.

"Amayi? Munati mundiimbira mukachoka kutchalitchi, mpaka pano? Ndatuluka m'kalasi ndikudikira."

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni pa khonde la chipatala.

"Halo? Amayi? Mukundimva?"

"Sosina," ndinatero.

"Aa, amayi aang'ono. Mwalanda foni ya eni? Muli bwanji? Golosale mwasiyira ndani?"

"Ndiwe?"

"Ndine, nanga ndani? Mawu anga asintha ndi chifuwachi eti? Musadandaule, n'chimfine chabe. Nsapato zanu za agogo zija ndiye zandipulumutsa, ndikuvala tsiku lililonse, musawauze anthu."

Anaseka, n'kutsokomola. Achimwene anali ataima pamwamba panga, nkhope itachita phulusa.

"Unali kuti masiku onsewa?" ndinafunsa.

"Amayi sanakuuzeni? Foni inagwa m'basi Loweruka, sindinaipezenso. Ndagula ina dzulo, nambalanso ndi yatsopano. Ndinawaimbira dzulo lomwelo madzulo, tinacheza nthawi yaitali. Anati inu mwapita kukakhoma loko."

Ndinatseka maso. Ola limodzi lija.

"Eya, ndisanaiwale," anapitiriza. "Amalume alandira pepala langa pa imelo?"

"Pepala lanji?"

"La inshuwalansi. Ija tinagula kwathuko inali ya miyezi yochepa, mukukumbuka. Ndiye kuno ku ofesi ya alendo akuti wophunzira aliyense wochokera kunja akhale ndi ya chaka chonse, apo ayi chilolezo chokhala sapereka. Ndinagula Lolemba. Pafomu ankafuna imelo ya wachibale wamkulu, ndiye ndinalemba ya amalume, nanga wina ali ndi imelo ndani kwathuko?"

"Alandira," ndinatero.

"Asunge bwino. Koma ndinawauza amayi kuti awachenjeze asachite mantha, muli mndandanda wa zinthu zimene inshuwalansiyo imalipira, chipatala, ambulansi, mano, ndiye pali mzere wina woipa, wa zobweza mtembo munthu ukafera kuno. Amalemba kwa aliyense, popanda mzere umenewo akuofesi salandira n'komwe pepalalo. Amayi anaseka mpaka kutsamwa. Anati amalume akawerenga ayamba kuyeza bokosi. Anati akuuzani inu poyamba kuti mukawaseke limodzi."

Achimwene anatulutsa envelopu ija m'thumba la jekete. Anafutukula pepala, n'kutembenuza tsamba lachiwiri, limene chilandirireni anali asanaliwerenge. Milomo yawo inkayenda. Kenako anatsetsereka ndi khoma mpaka pansi, pafupi ndi ine, jekete itakwinyikira kumsana. Ndinkafuna kuwamenya. Ndinkafuna kuwang'amba nkhope ndi zikhadabo pamaso pa anthu onse aja. Koma katatu konse achemwali anatsegula pakamwa kuti andiuze, ndipo amene anawatseka sanali achimwene.

"Amayi aang'ono? Mwangoti zii bwanji? Kukumveka phokoso, muli kuti?"

"Tili m'tauni."

"Apatseni amayi foniyo, ndatsala ndi mphindi zochepa."

Achimwene anandigwira mkono. Misozi inali ikutsika m'masaya mpaka m'kolala, koma anapukusa mutu mwamphamvu, chala chili pamilomo. Ndinamva zimene ankatanthauza: mwana ali yekha kudziko la eni, masana, pafoni. Ndinawayang'ana ndi chidani chonse chimene ndinali nacho. Mwambo womwewu unali utangondiphera m'bale wanga m'mawa umenewo, ndipo ndinalumbira mumtima kuti ndinena zoona, zivute zitani.

Koma ndinamuona Sosina m'maganizo ataima pakhonde la sukulu, pakati pa anthu osadziwa n'dzina lake lomwe, wopanda womugwira akagwa.

"Amayi ako akadali kutchalitchi," ndinatero. "Foni anaiwala kunyumba."

"Mpaka masana ano? Amayi awa ndi ansembe awo. Mapiritsi anamwa koma?"

"Anamwa."

"Chabwino. Muwauze ndiimbanso madzulo."

"Madzulo usaimbe, mwanangu, kuli mapemphero ena. Uimbe mawa." Kenako ndinafunsa, "Tandiuza, kumeneko kuli anthu akwathu? Akuluakulu?"

"Alipo ochepa. Pali bambo ena ndi akazi awo, akhala kuno zaka zambiri, timakumana Lamlungu kumapemphero. Anandiitanako kudzadya injera kwawo."

"Amakhala kutali ndi iwe?"

"Ayi, mphindi makumi awiri pa basi."

"Unditumizire nambala yawo."

"Ya chiyani?"

"Tikufuna kuwathokoza poti akukusamala."

Ndinkamva anthu akudutsa kumbuyo kwake, akulankhula chinenero chawo, chitseko china chikutsekedwa. Sosina anakulira ku Shiromeda. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tsiku limene a Zerihun anabwera kudzanena za mchimwene wake, ndipo ndi iye amene anawatsegulira geti.

"Amayi aang'ono," anatero, mawu atatsika. "Nambala ya akuluakulu mukuifuna chifukwa chiyani?"

"Ndanena kale."

"Apatseni amayi foni."

"Wadya nkhomaliro, mwanangu?"

"Amayi aang'ono, apatseni amayi anga foni."

"Pita ukadye," ndinatero. "Udye bwino, ugone msanga."